Mzere wa Mboni

Lolemba, 16 Juni

Andigoneka. Wodi ya amuna, bedi lachitatu kuchokera pakhomo, pansi pa zenera losatsekeka bwino. Mphepo yonse ya Juni ikulowera pamenepo. BP 196/112. Miyendo yatupa ngati mitondo, nsapato zakana, ndabwera nditavala masilipasi apinki a Mtendere, mwana wa malemu mkazi wanga. Ine Lexon Chikaonda, amene kwa zaka 27 sindinalowepo mu ofesi wopanda tayi.

Adokotala ati ndi impso, zonse ziwiri. Atenga magazi. Kopeli ndamutuma Mtendere kukagula pageti, chifukwa munthu amene wakalambira pa ukalaliki wa maloya sangagone osatsegula fayilo. Ndizilemba zonse monga zachitikira.

Lachiwiri, 17 Juni

Zotsatira zabwera. Chinthu china chotchedwa kiriyatinini chili pa 1,140, pomwe munthu wabwinobwino ati safika 110. Madzi akumwa theka la lita patsiku, kuphatikizapo tiyi ndi phala. Mchere ayi, nthochi ayi, tomato ayi. Mkodzo ndikuusunga m'botolo kuti anesi ayeze. Lero 300 ml.

Pabedi loyandikana nane pali a Frazer, mlonda wa ku Area 12, kwawo kwa Mpingu. Mtima wawo unatupa. Zaka 19 akhala akutsegula geti la nyumba imodzi. Andifunsa ntchito yanga, ndawauza kuti ndimakonza mawilo, makalata onena mmene chuma cha munthu chidzagawidwire iye akamwalira. Akoka bulangete mpaka pamphuno.

"Ndiye mwabwera ndi ntchito yanuyo muno, akulu? Mundidumphe, ine ndilibe kanthu koma njinga."

Ndaseka mpaka nthiti kuwawa. Ndawafotokozera mmene timachitira ku City Centre, nsanjika yachiwiri. Mabwana a ku Area 10 ndi Area 12 amabwera ndi magalimoto awo. Ine ndimalemba zofuna zawo, Alinesi amataipa, loya wathu bwana Fiskani amawerenga mokweza, mwini wilo amasayina pamzere wake, kenako ine ndi Alinesi timasayina m'munsi pamizere ya mboni. Mboni ziwiri, chipinda chimodzi, nthawi imodzi, cholembera chimodzi. Mawilo oposa 400 ali ndi dzina langa m'munsimo, ndipo palibe ngakhale imodzi imene khoti linabweza.

Lachinayi, 19 Juni

Andiika paipi pakhosi, kumanja. Ulendo woyamba pa makina osefa magazi, maola atatu. Potuluka mutu ngati ndaukhoma pachitseko. Mtendere anandikankha pa njinga ya odwala kubwerera kuwodi.

Ndilembe za Mtendere, popeza ndi zimene zikundisowetsa mtendere weniweniwo. Malemu mkazi wanga Evelina anabwera naye ali ndi zaka zitatu. Chaka chonse ankanditcha ankolo. Tsiku lina ndinamunyamula pamapewa tikuwoloka mlatho wopita kumsika wa ku Old Town, iye n'kundigwira makutu kuti asagwe, n'kufuula kuti, "Adadi, onani madzi!" Kuyambira pamenepo ndi mwana wanga. Ena Mulungu sanatipatse. Evelina anatisiya zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Mtendere tsopano ali ndi zaka 31, banja linatha, amakhala nane m'nyumba ya ku Kawale pamodzi ndi kamwana kake Lisa, ndipo amasoka mayunifomu a sukulu pakhonde.

Koma pamapepala si mwana wanga. Masatifiketi ake onse ali ndi dzina la bambo wina amene ngakhale nkhope yake saidziwa. Mapepala omutenga kukhala wanga mwalamulo ndinakonzerapo anthu ambiri, ake sindinakonze. Nditafa lero wopanda wilo, nyumba ya ku Kawale ikhala ya mng'ono wanga Shadrick ndi alongo athu, iye n'kutuluka ndi makina osokera pamutu. Izi ndikuzidziwa monga ndimadziwira dzina langa.

Wilo yanga ilipo. Ili m'dirowa ya pansi ku ofesi, pansi pa maenvulopu a khaki. Ndinaitaipa ndekha zaka zisanu ndi zitatu zapitazo. Siginecha palibe.

Lachisanu, 20 Juni

BP 178/100. Mkodzo 250 ml. Ludzu.

Makasitomala ena akafika posayina ankabweza dzanja, amvekere kusayina wilo n'kudziitanira imfa. Ine ndinkawaseka mwaulemu. "Bwana, cholembera sichipha munthu." Ndinkanena motero ndi tayi yanga. Koma sabata imene ndinataipa yangayo ndi imene Evelina anapeza chotupa m'bere. Ndinaiponya m'dirowa osaikhudzanso, ndipo sindinauze munthu. Ndikuchita manyazi ngakhale kulemba pano.

Loweruka, 21 Juni

Shadrick wabwera kuchokera ku Nathenje ndi phava la nthochi ndi mtedza wokazinga wothira mchere. Zonse zoletsedwa. Wapemphera nthawi yaitali, maso ali otsegula. Mtendere atatuluka kukatsuka mbale wakokera mpando pafupi.

"Achimwene, mapepala a nyumba aja ali pabwino? Si kuti ndikuganiza zoipa ayi. Kungoti m'nyumbamo muli anthu obwera. Paja akulu adati mwana wa mwini ndi gaga, saundika."

Ndinafuna kumukalipira mpaka wodi yonse imve, koma mpweya unakana. Ndinangoti, "Wobwera ndi amene akundichapira." Iye anaseka n'kundisisita phazi. Tili ana ndinkamubereka kupita naye kudimba, lero akundiyang'ana ngati mbuzi yapamsika.

Nthochi adya a Frazer.

Lolemba, 23 Juni

Makina maola anayi. Ndasanza kawiri. Kulemera 71, ndatsika ndi makilo atatu, onse ndi madzi. 

Lachiwiri, 24 Juni

A Frazer anamva zonse za Shadrick. Mlonda sagona, ngakhale atatseka maso.

"Akulu, bwanji osangolemba pakope lanulo? Ine ndidinda chala, gadiyani wa pabedi ilo asayina. Mboni ziwiri mudanena zija si zimenezo? Zengerezu adalinda kwawukwawu."

Ndawayankha ngati ndili pa desiki. Ndati mawilo a pakope ndawaona ambiri, amabwera m'jumbo atanyowa ndi mafuta, ndipo maloya a mbali inayo amawatafuna ngati chimanga chokazinga. Wilo ya Lexon Chikaonda siingakhale ya pakope la pageti. Iyenera kutaipidwa, iwerengedwe ndi loya, ilowe m'kabati yachitsulo monga ena onse.

Zimenezo ndi zoona, koma si zonse. Ndikuopa.

Lachinayi, 26 Juni

Adokotala aakulu aima nthawi yaitali pabedi langa. Ati impso sizidzukanso, ndipo mtima nawo wafooka, sukupirira bwino makina. Ndawafunsa molunjika ngati ndi zaka kapena miyezi. Ayang'ana fayilo n'kunena kuti, "Bambo, ngati pali zoti mukonze kunyumba, konzani." Mawu amenewo ndinkawamva kwa makasitomala akufotokoza chimene chawabweretsa. Chaona mnzako chapita.

Ndamuimbira Alinesi. Ndamuuza atsegule dirowa ya pansi. Ndinamva akusanthula mapepala.

"A Chikaonda, inu? Inu amene munkatikalipira tikaiwala deti? Eyiti yiyazi osasayina?"

Anayamba ndi kuseka, anamaliza ndi kulira. Wiloyo ikupereka zonse kwa Evelina, ndiye iyenera kulembedwanso. Ndamuuza mawu pafoni, iye akutaipa. Nyumba ya ku Kawale, puloti yake ndi zonse za m'katimo kwa Mtendere. Njinga yanga yakale ndi masuti kwa Shadrick, asadzati ndinamuiwala. Bwana Fiskani ali ku Mzuzu pa mlandu wa chuma cha masiye mpaka Lachinayi la sabata ya mawa. Alinesi anati atha kubwera mawa lomwe ndi dalaivala wa ku ofesi, awiriwo akhale mboni. Ndakana. Wilo siituluka mu ofesi yathu loya asanaiwerenge. Lamulo limenelo ndinaika ndine.

Lamulungu, 29 Juni

Amayi a mvano abwera kudzaimba. Mdala wa pabedi loyamba wamwalira m'mawa phala lisanafike. Anesi anakoka makatani, mkazi wake anayamba kupinda zitenje mwakachetechete, kenako anakhala pansi n'kulira. Ndinadzipeza ndikuganiza ngati anasiya wilo. Ntchito imeneyi yandiwononga mutu.

Mtendere wandimeta ndevu. Lisa wanditumizira chithunzi chojambula ndi makrayoni, nyumba yathu ndi mtengo wa mapeyala, ine nditaima pakhomo ndi tayi yofika m'maondo. Mtendere sindinamuuze kanthu za wilo. Ndikufuna ndidzangomupatsa envulopu yomata.

Lachiwiri, 1 Julayi

Kiriyatinini 890. Mkodzo 150 ml. Pamene panalowa paipi payamba kuyabwa ndi kufiira. Anesi atsuka, asintha bandeji. Masiku atatu atsala.

Lachisanu, 4 Julayi

Ndilemba pang'onopang'ono, chifukwa ndikufuna zilembedwe zonse.

Anafika 2 koloko masana, bwana Fiskani ndi Alinesi. Ndinamutuma Mtendere kukagula sopo kuti asakhalepo. Ndinavala malaya oyera pamwamba pa paipi. Bwana Fiskani ndi mwana wa amene anandilemba ntchito, ndinamuona akubwera ku ofesi ndi yunifomu ya pulayimale, lero ndi amene akundiwerengera wilo. Anawerenga bwino, masamba awiri, osalumpha mzere. Mboni zikhala iye ndi Alinesi. A Frazer anadzuka n'kukhala tsonga ngati ali m'tchalitchi.

Alinesi anaika fayilo pamaondo panga n'kundipatsa cholembera chakuda cha ku ofesi. Dzanja silinazengereze. Linapita lokha, mwaukhondo, monga lachitira zaka zonsezi. Nditakweza mutu ndinaona Alinesi atagwira pakamwa.

Ndinasayina pamzere wa mboni yoyamba. Mzere wa mwini wilo unali mbee pamwamba pake.

Bwana Fiskani anati, "Palibe vuto, madala. Tingodula pamenepo ndi mzere umodzi, musayine pamwambapa, tonse tiike mainisho a mayina athu m'mbali. Ndi yovomerezeka ndithu, mukudziwa inunso."

Ndikudziwadi. Koma ndinaona pepala lija lili ndi chodula pakati, ndinaona loya wa Shadrick akuliimika m'khoti n'kunena kuti onani, munthuyu sankadziwa ngakhale posayina. Ndiponso, ndinene zoona, ndinaona manyazi anga. Kalaliki wa zaka 27, wilo yake yomwe n'kukhala yoyamba yodetsedwa m'kabati muja. Ndinafunsa ngati abwera ndi kope lina. Alinesi anati anasindikiza limodzi, chifukwa ine ndinamuphunzitsa kuti wilo yosayinidwa imakhala imodzi.

"Ndiye mukasindikize ina," ndinatero. "Iyi siituluka."

"A Chikaonda, chonde," anatero Alinesi. "Kunja kuno ndi Fraide, bwana ali ndi kasitomala 4 koloko, Mande ndi holide."

Ndinaling'amba pakati, kenako pakatinso, monga timachitira ndi pepala lolakwika kuti lisasokonezeke ndi lenileni. Anesi anacheuka. Bwana Fiskani anatola zidutswa n'kuika m'thumba la jekete. Ati abwera Lachiwiri m'mawa.

Pa chakudya chamadzulo a Frazer anandiyang'ana. Kenako anati, "Ine sukulu ndidalekeza sitandade 3, akulu, koma geti likatseguka galimoto imalowa nthawi yomweyo."

Loweruka, 5 Julayi

Kuzizidwa. Thupi 39.4. Ati paipi yalowa tizilombo. Jakisoni wa m'mitsempha katatu patsiku. Makina ayi mpaka aichotse.

Lamulungu

39.8. Fayilo ya a Efelo sinapite kukhoti. Muuzeni Alinesi. Maenvulopu atha.

Evelina wabwera koma sanakhale pansi. Akuti ndachedwa.

Lachinayi, 10 Julayi

Ndadzuka mutu uli wanga. Paipi yatsopano ili pantchafu. Thupi 37.6. Ndayang'ana zimene ndinalemba Lamulungu, zilembo zikutsetsereka ngati nyerere. A Efelo anamwalira kalekale, fayilo yawo ndinaitseka ndekha.

Ndinafunsa kuti Lachiwiri ndi liti. Mtendere anangotuluka panja. Andiuza ndi a Frazer.

Ati bwana Fiskani ndi Alinesi anabweradi Lachiwiri, 9 koloko, ndi pepala latsopano loyera bwino. Shadrick anali atafika kale, anamva kuti ndatsala pang'ono. Bwana Fiskani ataona mmene ndinalili anatulutsa kapepala ka mafunso atatu kamene timafunsa okalamba ndi odwala tisanawapatse cholembera, kuti tione ngati mutu ukugwira. Lero ndi tsiku lanji? Muli ndi chuma chanji? Abale anu ndi ndani? Kapepala kameneko ndinakalemba ndine, ndipo ndinkakanyadira.

Ati tsiku ndinati ndi Khirisimasi. Chuma ndinati ndili ndi mafayilo. Atandiloza Mtendere kuti uyu ndani, ndinati ndi Evelina, ndipo ndinamukalipira kuti wasiya mwana yekha kunyumba.

"Ndiye abwana aja adatseka fayilo," anatero a Frazer. "Mayi wotaipa uja adatuluka akulira. Koma ang'ono anu adali chilili apa, foni m'manja, kujambula zonse kuyambira poyamba. Ati n'zoti akaonetse achibale kumudzi mmene mukupezera."

Ndakhala ndikuyang'ana denga. Palibe amene wandilakwira. Fiskani anachita zimene ndinamuphunzitsa.

Lachisanu, 11 Julayi

Ndamuimbira bwana Fiskani. Ndamuuza tsiku, mwezi, chaka, nambala ya puloti, mayina a alongo anga onse atatu. Ati wamva, ndipo wasangalala, koma ndi kanema amene ali m'foni ya Shadrick pakufunika kalata ya dokotala yonena kuti mutu uli bwino pa ola losayinalo, apo ayi tikhala tikumupatsa Mtendere mlandu m'malo mwa nyumba. Ndikanakhala ine pa desiki ndikananena zomwezo.

Ndapempha kalatayo. Adokotala ati magazi akadali oipa, kiriyatinini 1,260, ndipo m'mawa uno pomwe ndinawatcha dzina la munthu wina. Ine sindikukumbuka. Ati tione sabata ya mawa. Makina andichotsapo patatha ola limodzi, BP inagwa mpaka 80/50.

Loweruka, 12 Julayi

Mkodzo palibe. Kupuma movutika. Andiika mpweya wa m'mphuno.

Lamulungu, 13 Julayi

Shadrick wadutsa ku Kawale asanabwere kuno. Ati amangofuna kuona ngati denga silikudontha, mu Julayi. Wamuuza Mtendere kuti makina osokera akuwononga simenti ya pakhonde.

Atapita ndinamuitana Mtendere akhale pabedi. Ndamuuza zonse, dirowa, zaka zisanu ndi zitatu, mzere wa mboni, kung'amba. Ndinayembekeza kuti akwiya, ndipo ndinkafuna akwiye. Anangopitiriza kundipaka mafuta m'mapazi.

"Ndikudziwa, adadi. Kope lanu ndinawerenga pamene munkabwebweta. Pepani."

Ndinamuuza kuti akaliwotche. Masamba a sabata yatha ndi umboni wa Shadrick, wolembedwa ndi dzanja langa lomwe, woposa kanema uja. Kalaliki wopusa, kudzisungira yekha fayilo yomutsutsa.

"Sindiwotcha."

"Iwe, ukudziwa chimene ukunena? Nyumba ikupita. Upita kuti ndi Lisa?"

"Anti ake a mnzanga ali ndi chipinda ku Mchesi, makina akwanamo." Anapukuta manja pachitenje. "Pa 19 Juni munalemba kuti ndine mwana wanu. Ndakhala ndikudzaza mafomu moyo wanga wonse, adadi, pamzere wa bambo n'kumalemba dzina la munthu amene sindikumudziwa. Pepala lonena kuti ndine wanu ndi lokhali. Mukufuna ndiwotche limeneli?"

Ndinalira pamaso pa wodi yonse. A Frazer anatembenukira kukhoma kuti andipatse ulemu.

Lolemba, 14 Julayi

Makina ayi. Ati mtima sungathe. Kalata ayi.

Alinesi wabwera pa nthawi ya nkhomaliro, pepala loyera lija lili m'chikwama chake. Akuti aziyenda nalo tsiku lililonse mpaka adokotala avomere. Sanalitulutse, ndipo ine sindinapemphe kuliona.

Lachiwiri, 15 Julayi

M'mawa. Mutu uli bwino pang'ono, sindikudziwa mpaka liti. A Frazer akuwatulutsa lero, abwana awo atumiza galimoto. Ndawapempha chinthu chimodzi asanapite. Ndawapaka inki ya cholembera pachala chachikulu. Aitana gadiyani wa pabedi loyang'anana nafe, koma wapita kukagula makala, ndipo galimoto ikuimba hutala panja.

Izi khoti lililonse lizitaya. Ndikudziwa, ndi ntchito yanga. Ndi pakope la pageti, mboni ndi imodzi, m'masamba a m'mbuyomu ndikulankhula ndi akufa.

Mtendere ndi mwana wanga. Nyumba ya ku Kawale ndinkafuna ikhale yake.

Lexon Chikaonda

Mboni yoyamba: chala cha a Frazer, mlonda, Area 12.

Mboni yachiwiri:

Ulendo uno dzina langa ndalemba pamzere wake.